Mavoti 30 ku Springfield: Zaka 8 za Obama Asanatchuke

Pa desiki ya seneta aliyense m'nyumba ya malamulo ya chigawo cha Illinois, mumzinda wa Springfield, pali mabatani atatu. Lobiriwira ndi lovomereza, lofiira ndi lokana, ndipo lachikasu limangonena kuti "ndilipo". Maseneta onse alipo 59, ndipo kuti bilu idutse pamafunika mabatani obiriwira 30. Chiwerengerochi sichitsika ngakhale ena atajomba kapena atadwala. Barack Obama anakhala pa imodzi mwa madesiki amenewa kuyambira Januwale 1997 mpaka Novembala 2004. Amene amamudziwa chifukwa cha malankhulidwe ake amadabwa akamva kuti luso la pakamwa silinamuthandize kwenikweni m'nyumba imeneyi. Ntchito yake inali ya masamu: masiginecha angati, mavoti angati, chipani chiti chili ndi mipando ingati, malire a dera adutsa mumsewu uti.

Kwa ife ozolowera nyumba ya malamulo imodzi ya dziko lonse, tiyenera kumvetsa kaye kuti ku America chigawo chilichonse mwa zigawo 50 chili ndi malamulo akeake oyendetsera boma, bwanamkubwa wake ndi aphungu ake. Milandu yambiri ya kupha ndi kuba, kayendetsedwe ka apolisi, masukulu, ziphaso za madokotala ndi misonkho ina zimakambidwa kumeneko osati ku Washington. Illinois ili ndi nyumba ziwiri, yaing'ono ya aphungu 118 ndi ya maseneta 59. Seneta mmodzi m'zaka zimenezo ankaimira anthu pafupifupi 200,000. Pa zaka 10 zilizonse mpando wake umapikisanidwa katatu, kawiri kwa zaka 4 ndipo kamodzi kwa zaka 2. Nyumba imakumana makamaka kuyambira Januwale mpaka kumapeto kwa Meyi, kenako masiku ochepa chakumapeto kwa chaka, nchifukwa chake aphungu ambiri amakhala ndi ntchito ina. Obama ankaphunzitsa zamalamulo ku University of Chicago komanso ankagwira ntchito ya uloya, ndipo masiku a zokambirana ankayenda ulendo wa makilomita oposa 300 kuchoka ku Chicago kupita ku Springfield.

Mpando wa dera la nambala 13, kumwera kwa Chicago komwe kuli Hyde Park, unali wa mayi Alice Palmer. Mu 1995 mayiwa anaganiza zopikisana nawo pa mpando wa phungu m'nyumba ya malamulo ya dziko lonse ku Washington umene unatsala opanda munthu, ndipo anaonetsa Obama kwa anthu ngati wodzalowa m'malo mwawo. Pa chisankho chachipulula cha Novembala chaka chomwecho anagwa, wopambana anali Jesse Jackson Jr. Atabwerako, owatsatira anawalimbikitsa kuti atengenso mpando wawo wakale ndipo anapempha Obama kuti awapatse mpata. Iye anakana.

Apa mpamene pali phunziro loyamba la ntchitoyi, ndipo ndi la pepala ndi cholembera. Kuti dzina la munthu lilembedwe pa pepala loponyera voti, ankayenera kupereka masiginecha 757 a anthu olembetsa m'kaundula wa voti a m'dera lomwelo. Siginecha imafa pa zifukwa zing'onozing'ono. Wosaina mwina anasamuka koma m'kaundula akadali pa adiresi yakale. Mwina amakhala tsidya lina la msewu, komwe ndi dera la seneta wina. Mwina kalembedwe kake sikakufanana ndi kamene kali pa khadi lake la m'kaundula. Choopsa kwambiri ndi woyenda ndi pepalalo khomo ndi khomo: akapezeka kuti iyeyo sanali woyenera kutolera masiginecha, kapena sanalumbire moyenera pansi pa tsambalo, tsamba lonse limatayidwa ndi mayina ake onse. Odziwa ntchitoyi amatolera kuwirikiza kawiri kapena katatu chiwerengero chofunikacho, ndipo amayamba msanga kuti apeze nthawi yofananiza dzina lililonse ndi kaundula asanapereke.

Mayi Palmer anatolera awo mothamanga, m'masiku ochepa a Disembala. Anthu a Obama anakadandaula ku bungwe loyendetsa zisankho la Chicago, ndipo kumayambiriro kwa Januwale 1996 anakhala pansi nkumafananiza dzina ndi dzina. Masiginecha abwino sanakwane 757. Mayiwa anachoka pa mpikisano, ndipo ena atatu amene ankafuna mpandowo anachotsedwanso mwa njira yomweyo. Pa chisankho chachipulula cha Malichi 1996 dzina la Obama linali lokha. Kudera kumeneko wopambana m'chipani cha Democratic ndiye kuti wapambana kale, choncho chisankho cha Novembala chinangokhala mwambo. Sanaphwanye lamulo lililonse, ndipo ku Chicago imeneyi ndi njira yodziwika. Komabe sindikuona chifukwa choikometsera: anthu a m'dera la 13 sanapatsidwe mpata wosankha, ndipo akuluakulu ena a ndale za anthu akuda mumzindawo anamusungira chakukhosi kwa zaka zambiri.

Atafika ku Springfield anapeza kuti chipani chake chili kumbali yochepa. A Republican anali ndi mipando yambiri, mtsogoleri wa nyumba anali James "Pate" Philip, ndipo zinakhala choncho zaka 6 mwa zaka 8 za Obama. Kuti timvetse kuwawa kwake tione njira imene bilu imayenda. Seneta amapita ndi maganizo ake ku ofesi ya maloya a nyumba ya malamulo, iwo nkuwalemba m'chinenero cha lamulo. Biluyo imawerengedwa koyamba, kenako imapita ku komiti yogawa ntchito, imene ili m'manja mwa mtsogoleri wa nyumba. Komiti imeneyi ndi manda a mabilu ambiri. Siyenera kukana bilu kapena kufotokoza chifukwa, imangokhala chete osaitumiza kulikonse, tsiku lomaliza nkudutsa. Bilu ikapulumuka pamenepa imakambidwa m'komiti ya nkhaniyo, momwe anthu amabwera kudzapereka umboni, kenako imawerengedwa kachiwiri, pomwe zosintha zimalowa, ndi kachitatu, pomwe pamakhala voti. Kuwerenga kutatuku kumachitika pa masiku atatu osiyana. Ikapeza mavoti 30 imawolokera ku nyumba yaing'ono, komwe imafuna phungu wina woinyamula ndi mavoti 60. Akasinthako ngakhale liwu limodzi, imabwerera kuti maseneta avomereze kusinthako. Ndiye pali tsiku la 31 Meyi. Bilu yodutsa tsikuli litapita, ngati ikufunika kuyamba kugwira ntchito msanga, imafuna mavoti 36 osati 30, zimene zimapatsa mphamvu chipani chochepa ndipo zimachititsa kuti sabata yomaliza ya Meyi ikhale ya chipwirikiti mpaka pakati pa usiku. Pomaliza bwanamkubwa ali ndi masiku 60 oti asaine, akane, kapena aibweze ndi zosintha zake.

Seneta watsopano wa chipani chochepa ali ndi njira ziwiri basi. Akhoza kumaimirira nkumalankhula kuti atolankhani amumve, mabilu ake nkumafera m'komiti. Kapena akhoza kupeza mnzake wa chipani cholamula nkulola kuti dzina la mnzakeyo likhale patsogolo. Obama anayamba ndi njira yoyamba, ndipo anzake ena a chipani chake chomwe, monga Rickey Hendon ndi Donne Trotter, ankamuseka poyera kuti ndi mphunzitsi wa ku yunivesite wosadziwa za m'makwalala. Pang'onopang'ono anaphunzira yachiwiri. Madzulo ankasewera makhadi ndi maseneta a m'matauni ang'onoang'ono ndi a m'mphepete mwa Chicago, anthu ngati Terry Link ndi Denny Jacobs, pamodzi ndi a Republican ena. Anaphunziranso gofu. Zimaoneka ngati zachibwana, koma munthu amene wakhala nawe pa tebulo mpaka usiku savuta kukuuza zoona ukamufunsa chimene chikumuletsa kuvotera bilu yako.

Mtsogoleri wa a Democratic m'nyumbayi anali Emil Jones, mkulu wa ndale zakale za Chicago amene poyamba ankagwira ntchito yoyendera mipope ya zonyansa ya mzindawo. Mu 1998 Jones anatuma Obama ku kagulu ka aphungu anayi, awiri a chipani chilichonse, kamene Paul Simon, seneta wakale wa ku Washington, anasonkhanitsa kuti kalembe lamulo la ndalama za kampeni ndi mphatso. Nthawi imeneyo ku Illinois phungu ankatha kutenga ndalama za kampeni nkugulira galimoto yake kapena kulipirira ana sukulu, bola alipire msonkho. Ntchito yoletsa zimenezi palibe ankaifuna, chifukwa ndi yolanda anzako chakudya pakamwa. Obama ndi Kirk Dillard wa Republican anainyamula m'nyumba ya maseneta. Lamulolo linaletsa kudya ndalama za kampeni, linaletsa mphatso zambiri zochokera kwa anthu olipidwa kuti azinyengerera aphungu, ndipo linalamula kuti malipoti a ndalama azitumizidwa pa kompyuta kuti aliyense awaone pa intaneti. Mtengo wake unalipo: ndalama zimene aphungu anali atasonkhanitsa kale sizinakhudzidwe, ndipo malire a ndalama zimene munthu angapereke kwa wandale sanaikidwe. Popanda kugonja kumeneku mavoti sakanapezeka. Dillard uja anadzaonekera mu 2007 pa kanema wa kampeni ya Obama akumuyamikira, ndipo adani ake m'chipani sanaiwale. Mu 2010 analephera kuimira chipani chake pa mpando wa bwanamkubwa ndi mavoti 193 okha.

Mu 2000 Obama anali mmodzi mwa amene anakankha lamulo lochepetsera msonkho anthu ogwira ntchito koma olandira zochepa. Linayamba laling'ono, 5 pa 100 iliyonse ya chithandizo chimene boma la Washington limapereka kale kwa anthu omwewo.

Tibwerere ku batani lachikasu lija. Popeza bilu imafuna mavoti 30 obiriwira, kudina lachikasu kumaipha chimodzimodzi ngati kudina lofiira. Kusiyana kwake kuli pa pepala la kampeni. Mdani wako sangalembe kuti unakana bilu yolanga zigawenga, chifukwa sunakane. Obama anadina batani limeneli ka 129 pa mavoti masauzande angapo. Nthawi zina chinali chigwirizano cha chipani chonse pokakamiza a Republican kuti akambirane za bajeti. Pa mabilu ena okhudza kuchotsa mimba linali pangano ndi bungwe loona za uchembere ndi kulera la Planned Parenthood la m'chigawocho, kuti maseneta a m'madera otetezeka adine lachikasu ndipo anzawo a m'madera ovuta apeze pobisala. Nthawi zinanso ankanena kuti cholinga cha bilu nchabwino koma kalembedwe kake kakuphwanya malamulo aakulu. Zifukwa zonsezi nzomveka kwa amene amadziwa nyumbayi, koma pali mavoti ena pomwe anadina lachikasu ali yekha kapena ndi anzake owerengeka, ndipo kumeneko nkovuta kukana kuti ankadzitchinjiriza. Hillary Clinton, amene ankapikisana naye pofuna kuimira chipani pa upulezidenti, anamukumbutsa za mabatani amenewa mu 2008, anthu a m'zigawo zina osamvetsa kuti phungu angakhale bwanji m'nyumba nkukana kunena inde kapena ayi.

Kujomba ndiye kunamupweteka koposa. Kumapeto kwa Disembala 1999 bwanamkubwa George Ryan anaitanitsa nyumba mwadzidzidzi kuti ivotere lamulo lokhwimitsa chilango cha onyamula mfuti popanda chilolezo. Obama anali ku Hawaii kokaona agogo ake, mwana wake wamng'ono atadwala, ndipo sanabwere. Biluyo sinapeze mavoti okwanira. Voti yake yokha sikanaipulumutsa, koma nyuzipepala za ku Chicago zinamudzudzula kwambiri, ndipo nthawiyo nkuti akupikisana ndi Bobby Rush pa mpando wa ku Washington. Rush anali mtsogoleri wakale wa gulu lomenyera ufulu wa anthu akuda la Black Panther, wodziwika khomo lililonse kumwera kwa mzindawo, ndipo mwana wake anali atangophedwa ndi mfuti miyezi iwiri m'mbuyomo. Pulezidenti Bill Clinton anaikira kumbuyo Rush. Mu Malichi 2000 Obama anagwa chagada, mavoti 30 pa 100 iliyonse pomwe Rush anapeza 61. Anabwerera ku desiki yake ku Springfield ali ndi ngongole.

Chimene chinatembenuza zinthu si luso lake ayi, koma chipewa. Pakatha kalembera wa zaka 10 zilizonse malire a madera amadulidwanso. Malamulo a Illinois amati nyumba ikalephera kugwirizana pofika 30 Juni, ntchitoyo imapita ku komiti ya anthu 8, anayi mbali iliyonse. Nawonso akalephera, khoti lalikulu la chigawo limapereka mayina awiri, limodzi la chipani chilichonse, ndipo mlembi wamkulu wa chigawo amachita mayere kuti apeze munthu wa nambala 9. Olemba lamuloli ankaganiza kuti mantha a mayere adzakakamiza zipani kugwirizana, koma zipani zinasankha kutchova juga. Mu 1991 mwayi unagwera a Republican, ndipo mapu awo ndi amene anapatsa Philip zaka 10 za ulamuliro. Mu Sepitembala 2001 mlembi wamkulu wa chigawo, Jesse White, anapisa dzanja m'chipewa chachitali chofanana ndi cha Abraham Lincoln natulutsa dzina la Michael Bilandic wa Democratic. Mapu atsopano analembedwa ndi chipani cha Obama. Dera lake la 13 linasiya mbali zina za kumwera nkutambasukira kumpoto m'mphepete mwa nyanja ya Michigan, kudutsa pakati pa mzinda mpaka ku Gold Coast komwe kumakhala anthu olemera kwambiri. Anthu akuda anakhalabe ochuluka m'deralo, koma tsopano linali ndi anthu otha kupereka ndalama za kampeni yaikulu. Pa chisankho cha 2002 a Democratic anatenga nyumba ya maseneta, Jones anakhala mtsogoleri wake, ndipo Rod Blagojevich anakhala bwanamkubwa.

Jones mwini wake wafotokozapo kangapo kuti Obama anabwera kudzamuuza kuti tsopano ali ndi mphamvu zopanga seneta wa ku Washington, ndipo munthu wake ndi iyeyo. Jones anavomera. Anamupatsa upampando wa komiti ya zaumoyo ndi chisamaliro cha anthu, ndipo anamupatsa mabilu akuluakulu, ena mwa iwo amene maseneta anzake anawavutikira zaka zambiri ali kumbali yochepa. Bilu yokhudza apolisi oimitsa madalaivala potengera khungu inali imodzi mwa imeneyi, ndipo Hendon, amene anainyamula kale, sanabise kuwawidwa mtima kwake. Lamulolo linati wapolisi aliyense akaimitsa galimoto alembe mtundu wa dalaivala, chifukwa choimitsira, ngati anachita chipikisheni, ndi mmene nkhaniyo inathera, ndipo ziwerengerozo zizipita ku dipatimenti ya zamtengatenga kuti ziunikidwe chaka ndi chaka. Chaka chomwecho cha 2003 anakulitsanso inshuwalansi ya boma ya ana a m'mabanja osauka.

Koma ntchito imene ndimaiona kuti ndi yaikulu pa zaka zonse 8 ndi lamulo lojambula mafunso a apolisi. Chiyambi chake nchomvetsa chisoni. Kuyambira 1977 mpaka 2000 Illinois inapha akaidi 12 oweruzidwa kuti aphedwe, koma ena 13 amene ankadikira imfa anapezeka kuti anaweruzidwa molakwika ndipo anamasulidwa. Mu Januwale 2000 Ryan, wa Republican, anaimitsa kupha konse. Pa polisi ina ya kumwera kwa Chicago, gulu la ofufuza milandu lotsogozedwa ndi Jon Burge linkakakamiza anthu akuda kuvomera milandu powagwiritsa magetsi, kuwatsekera mpweya ndi pulasitiki yovindikirira taipi, ndi kuwakanikizira pa chitsulo chotentha. Burge anachotsedwa ntchito mu 1993, koma anthu amene anavomera milandu m'manja mwake anakhalabe m'ndende. Mu Januwale 2003, masiku ochepa asanatule pansi udindo, Ryan anakhululukira anayi mwa iwo ndipo anasintha chilango cha akaidi 167 amene ankadikira imfa.

Apolisi ndi oimira boma pa milandu sanafune biluyi. Bwanamkubwa watsopano nayenso ananena kuti sakugwirizana nayo. Mkangano weniweni unali pa funso limodzi: kamera iyatsidwe liti? Apolisi ankati ndi okonzeka kujambula woganiziridwa akuvomera mlandu. Koma kujambula mphindi 20 zomaliza kumaipitsa zinthu, chifukwa oweruza amaona munthu wodekha akufotokoza mmene anaphera, osaona maola 30 amene anamufikitsa pamenepo. Obama anaumirira kuti kujambula kuyambe pamene mafunso ayamba, ndipo pa mfundo imeneyi sanasunthe. Pa zina zonse anamvetsera. Anakhala misonkhano yambirimbiri ndi mabungwe a apolisi, akuluakulu a polisi ndi oimira boma, nkumawafunsa chimene akuopa, chimodzichimodzi, kenako nkuchilemba m'bilu.

Zimene zinatuluka ndi izi. Lamulo la 2003 linkakhudza milandu ya kupha munthu, pamene woganiziridwa ali m'manja mwa apolisi ku polisi kapena malo ena osungira anthu. Mawu amene wanena osajambulidwa khoti limayamba ndi kuwakana. Komabe pali zitseko zotulukira. Ngati kujambula kunali kosatheka, ngati munthuyo wangolankhula yekha osafunsidwa, ngati ndi mafunso wamba a dzina ndi adiresi, ngati mafunso anachitikira kunja kwa chigawo, ngati apolisi sankadziwa kuti pali amene wafa, kapena ngati woganiziridwayo wanena kuti alankhula pokhapokha makina atazimitsidwa ndipo pempho lakelo lajambulidwa, mawuwo akhoza kulandiridwa. Boma likhozanso kuwapulumutsa likasonyeza kuti ananenedwa mwaufulu ndipo ndi odalirika. Mapolisi ang'onoang'ono a kumidzi analoledwa kujambula mawu okha ngati alibe kamera, ndipo onse anapatsidwa zaka 2 zogulira zipangizo ndi kuphunzitsa anthu. Panafunikanso kukonza lamulo lina la chigawocho limene linkaletsa kujambula munthu popanda chilolezo chake. Kwa apolisi mfundo imene inawakoka inali yakuti tepi imateteza wofufuza wachilungamo, pakuti woimbidwa mlandu sangadzanamenso m'khoti kuti anamenyedwa.

Omenyera ufulu ena anadandaula kuti zitsekozo zachuluka, ndipo dandaulo lawo lili ndi maziko, makamaka pa mwayi woti boma lipulumutse mawu osajambulidwa. Koma bilu yopanda zitseko ikanafera m'komiti kapena pa desiki ya bwanamkubwa. Iyi inadutsa m'nyumba ya maseneta popanda batani lofiira ngakhale limodzi, ndipo Blagojevich anaisaina mu Julayi 2003. Ku Alaska ndi ku Minnesota kujambula kotereku kunalipo kale chifukwa cha zigamulo za makhoti, koma Illinois inakhala chigawo choyamba kuchita izi kudzera m'nyumba ya malamulo.

Mabilu a 2003 ndi amene anadzaza timapepala ta kampeni yake ya 2004 ya mpando wa seneta wa ku Washington. Mu Malichi anapambana chisankho chachipulula ndi mavoti oposa theka, mu Julayi analankhula ku msonkhano waukulu wa chipani ku Boston, ndipo mu Novembala anagonjetsa Alan Keyes wa Republican ndi mavoti 70 pa 100 iliyonse. Patapita masiku awiri anatula pansi mpando wa dera la 13. Akuluakulu a chipani m'deralo anasankha Kwame Raoul, loya wobadwa kwa makolo ochokera ku Haiti, kuti amalize nthawi yotsalayo. Raoul ndi amene ananyamula m'nyumba ya maseneta bilu yothetseratu chilango cha imfa ku Illinois, imene bwanamkubwa Pat Quinn anasaina mu Malichi 2011. Inadutsa ndi mavoti 32.